Nambala ya Kumudzi

Amalawi okhala mumzinda wa Tete timadziwika ndi kayankhidwe. Munthu akati, "Mundipatseko nambala yanu," ife timayamba tafunsa kaye: "Iti, yoimbira kapena ya WhatsApp?" Eni dziko zimawadabwitsa, poti kwa iwo nambala ndi imodzi basi, yoyamba ndi 84, 86 kapena 82, malinga ndi kuti munthu ali pa Vodacom, Movitel kapena Tmcel. Ifeyo tili nazo ziwiriziwiri. Ya kuno, ya +258, ndi ya abwana kuntchito, ya eni nyumba, ya mnyamata wa txopela amene amakunyamula ukachedwa, ndiponso ya M-Pesa. Ya +265 ndi ya kumudzi. Imeneyo sitiimbira munthu kuno, ndipo ena mwa ife simu kadi yake chaka chimatha osaigwira m'manja, koma ndiyo timaisamala koposa.

Yanga ndinaigula ndili mnyamata, masiku amene mayunitsi tinkachita kukanda pakadi ndi ndalama yachitsulo. Mafoni ndasintha, nyumba za lendi ndasamukamo, ntchito nazonso ndasiya ndi kuyamba zina, koma nambalayo ili pompo. Amayi anailoweza pamtima. Inalembedwa ndi khala pakhoma la khitchini kwathu ku Ntcheu, ili m'kaundula wa mpingo, ili kubanki, ilinso kusukulu ya ana a achemwali anga, pamzere uja amati woti timuimbire pakagwa vuto. Amene ndinaphunzira nawo, amene ali nane ngongole ndi amene ndili nawo ngongole, onse amandipeza pomwepo. Nditapeza ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ya mathiraki ku Matundo, kutsidya kwa Zambezi, kulongedza katundu sikunandivute mutu. Chimene ndinagona ndikuganiza ndi nambala.

Anzathu a ku Ulaya nawonso nkhaniyi ali nayo, kungoti yawo ndi ya mtundu wina. Kumeneko lamya ya m'nyumba, ija ya nthambo, akuisamutsira pa intaneti, ndipo ku Britain anapangana kuti pofika 2027 njira yakale ikhale itatsekedwa. Nambala ikachoka pa nthambo imakhala ya kabokosi kolumikiza ku rauta, kokhala ndi dzina ndi pasiwedi. Ndiye wosamukira ku Spain amafunsa ngati angalongedze kabokosiko m'sutikesi n'kukakalumikiza kumene akupitako, kuti achibale azimuimbirabe pa nambala ya ku Leeds. Nthawi zambiri zimatheka, ngakhale makampani ena salola. Kwathu lamya ya nthambo ya MTL inali ya m'maofesi ndi m'nyumba za mabwana, ambirife sitinakhalepo nayo. Lamya yathu ya pa intaneti inafika mu 2015, WhatsApp itayamba kulola anthu kuimbirana, ndipo inafika yopanda kabokosi.

Mawu ako amaduladulidwa tizidutswa, tizidutswato timayenda njira yomweyo imene zithunzi ndi mauthenga zimadzera, n'kukalumikizidwanso m'foni ya mnzako. WhatsApp sifunsa kuti bandulo wagula kwa yani, kaya uli mbali iti ya malire. Simu kadi imaifuna tsiku limodzi lokha, lolembetsa. Imatumiza manambala 6 pa SMS ku nambala imene wati ndi yako, ukawalemba molondola, basi yakukhulupirira. Kuchokera pamenepo ukhoza kuchotsamo simu ya ku Malawi, kuikamo ya Movitel, kugula mamega ako ndi mametikali ochepa, amayi n'kumakuimbira kuchokera ku Ntcheu akuona +265 yomwe ija. Iwo alipira bandulo kumeneko, ine kuno, nkhani yatha. Amene anayesapo kuimba mwachindunji kudutsa malire akudziwa momwe mayunitsi amathera musanamalize kupatsana moni.

Chovuta n'chakuti tsiku limodzi lija limabweranso. Foni imabedwa mu chapa, minibasi ya kuno, imagwera m'ndowa, kapena batire limatupa, poti kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo foni yoiwalika pa dashibodi imaotcha dzanja. Ukagula ina, WhatsApp imafunanso manambala 6 aja, ndipo imawatumiza kumene kuli simu.

Ena simu yawo amayenda nayo m'kabowo kachiwiri ka foni, kudalira roaming. Madalaivala zimawayendera, chifukwa sabata siitha asanaone Mwanza. Akangoyandikira Zobue foni imadzuka yokha, mauthenga onse otsalira n'kulowa motsatizana, ngwe ngwe ngwe, ali pamzere wodinditsa mapepala. Kwa ife okhazikika, roaming ndi ya mwayi: lero simu yagwira netiweki ya eni dziko, mawa yangoti zii, ndipo ukaiwala n'kuyankha woimba mwachindunji, timayunitsi timene umasunga timapita. Choncho ambiri tinaisiya kumudzi, m'kafoni ka mabatani, m'manja mwa mbale. Yanga ili ndi achemwali.

Foni yanga itafa chaka china nyengo yotentha, ndinagula ina kumsika wa Kwachena, n'kukhala pakhonde la sitolo kuti ndiikonze pompo. Nditalemba nambala ya kumudzi, foni inati manambala yatumiza. Anapita ku Ntcheu. Ndinaimbira achemwali pa nambala yawo, mwachindunji, mametikali akuyoyoka.

"Achimwene, kwagwanji? Mukuimbira pa nambala yachilendo bwanji?"

"Kulibe chovuta, achemwali. Kafoni kaja kali pafupi?"

"Ine ndili kudimba. Kafoniko kali kunyumba, komanso kanazima dzulo, magetsi kulibe."

Anatuma mwana kuti akatenge kafoniko, akakasiye kwa wometa pa tiredingi senta amene ali ndi sola. Pomwe kamayaka, manambala aja anali atatha ntchito. Ndikapempha ena, WhatsApp inkati ndidikire, ndipo ukapempha mobwereza nthawi yodikira imatalikirabe. Zinatheka madzulo, onse ali pakhomo. Wowerenga anali mnyamata wa achemwali, amene maso ake akadali akuthwa.

"Amalume, mwakonzeka? Faifi, eyiti... ayi dikirani, ndi firii. Faifi, firii, ziro..."

Kumbuyo kwake ndinkamva amayi akuti, "Umuuze kuti mvula kuno sinayambe." Mnyamata anawayankha kuti, "Agogo, dikirani kaye, nditaya manambala." Nditalemba ya 6 foni inatseguka, magulu onse n'kubwerera: la mpingo, la banja, la amene tinamaliza nawo Fomu 4, ndi lina la maliro a chaka chatha limene palibe analimba mtima kulitseka.

Kampani imene inapanga WhatsApp ili ku California, ndipo mainjiniya ake anakonza zonsezi poganiza kuti munthu, foni ndi simu zimakhala m'thumba limodzi. Kwa ife munthu ali ku Matundo, simu ili ku Ntcheu, ndipo pakati pake pali mayi wopalira ndiwo kudimba, wometa wa sola ndi mwana wa pulayimale. Tikamati intaneti yachotsa malire timaiwala anthu amenewa. Nambala yanga ili moyo chifukwa achemwali amakumbukira kutchajitsa kafoni, kuikamo mayunitsi a ndalama zochepa mwa apo ndi apo, ndi kuimbirako munthu kuti kampani ione kuti mwini wake alipo. Palibe amawalipira, ndipo sanadandaulepo, kupatula kunena kuti kafoniko kamalira usiku ndi mauthenga otsatsa malonda.

Udindo wake si wochepa. Manambala otsegulira WhatsApp amafika pa simu imeneyo, a kubanki pomwepo, ndalama za m'foni nazonso zili pomwepo. Wosunga simu yako atafuna, akhoza kulankhula m'dzina lako ku gulu la mpingo, kupempha ngongole kwa anzako, iwe uli mtulo kutsidya kwa mtsinje. N'chifukwa chake kusankha woisunga kumayambitsa timilandu tam'banja. Mnzanga wina anasiya yake kwa mng'ono wake, akazi ake alipo, ndipo mlamu wathuyo mpaka lero akufunsa kuti m'foni muja muli chiyani choti iwo asaone. Wina anasiya kwa akazi ake, azilongo ake n'kumati ndalama za mlongo wawo zikuthera kuchikamwini. Atambwali nawo anadziwa kalekale kuti pofooka ndi pamenepa. Amaimba mwaulemu: "Pepani mayi, ndife a kuofesi, tatumiza manambala molakwitsa pa foni yanu, tatiwerengerani." Ine ndinawauza achemwali kuti manambala amenewo asawerengere munthu wina aliyense, ngakhale woimbayo atati ndi abusa, ndipo ndinaikanso PIN yachiwiri imene WhatsApp imalola, yodziwa ine ndekha.

Nambala yopanda woisamala imapita. Makampani a mafoni akaona kuti simu yakhala miyezi osaimba, osalandira mayunitsi, amaitseka, kenako nambalayo amaigulitsanso. Chikhalireni mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, kukonza vuto la simu kumafuna mwini wake aonekere pakauntala ndi chiphaso chake cha unzika, chinthu chimene wosunga sangakuchitire. Nambala ili ngati munda wosiya kumudzi: ukagonera zaka zingapo amfumu amaugawira wina, ndipo ukabwera kudzadandaula amangokulozera chimanga cha mwini watsopano.

Zinamuonekera mnzathu wina wa ku Mulanje, wowotcherera zitsulo, amene anapeza ganyu yaitali cha ku Moatize. Simu yake anaiika m'chikwama cha mapepala n'kuiiwala, poti WhatsApp inkagwira ntchito bwinobwino pa mamega a kuno. Tsiku lina foni inangomutulutsa, n'kunena kuti nambala yake yalembetsedwa pa foni ina. Iye anati adzaziona kumapeto kwa mwezi. Kumudzi akazi ake anatsegula foni, ndipo pa dzina limene analemba kuti "Bambo a ana" panali chithunzi cha mtsikana wovala wigi, akumwetulira. Ataimba, anayankha mawu achikazi: "Ndani?" Pomwe mnzathuyo amamva, ankhoswe a mbali zonse anali atakhala kale pansi. Anachita kukwera basi, kudutsa Zobue ndi Mwanza, kukafotokoza pamaso pa akuluakulu momwe makampani a mafoni amagwirira ntchito. Mtsikanayo, wosalakwa, anali atagula simu yatsopano pamsika kwinakwake, ndipo kwa masiku angapo ankalandira mauthenga otukwana kuchokera kwa anthu osawadziwa. Banja linapulumuka, nambala sinabwerere.

Timaseka tikamaikamba nkhaniyi, koma aliyense akafika kunyumba amatumiza uthenga kwa wosunga wake kufunsa ngati kafoni kali koyaka.

Mzinda uno Amalawi sitinayambe lero kuudutsa. Agogo anga aamuna anadzera pompano popita ku Salisbury, mlatho wa Samora Machel kulibe, Zambezi akuoloka pa pantoni. Ena ankakwera malole a Ulere amene boma la Southern Rhodesia linkatumiza kudzatenga antchito a m'mafamu ndi m'migodi, ena ankapita ku Joni pa Theba. Kalata inkayenda masabata, nthawi zina m'thumba la mnzako wobwerera kumudzi. Munthu akasiya kulemba, kumudzi ankadikira chaka, zaka ziwiri, kenako n'kuvomereza kuti watchona. Sikuti onse ankafuna. Ena ankangosintha famu, keyala n'kusokonekera, manyazi obwerera chimanjamanja n'kumaliza zotsala. Maliro ankamveka pa telegalamu, kapena pa mauthenga achisoni a wailesi ya MBC, kwa amene anali ndi wailesi yogwira Blantyre. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula, msewu uno wa pakati pa Nyamapanda ndi Zobue magalimoto ankaudutsa pamdipiti, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza, ndipo nkhondoyo inatha ndi mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992. Nthawi imeneyo ulendo unatembenuka: anthu a kuno pafupifupi 1 miliyoni ndiwo anathawira kwathu, ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu, ku Dedza.

Masiku ano kutchona kumafuna kuchita dala. Timizere tiwiri ta buluu timaulula kuti uthenga wauwerenga. Malume akudwala, ukudziwa ola lomwelo. Fizi yasowa, feteleza wakwera, denga lasasuka, zonse zikukupeza uli pa desiki. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, metikali inaoneka yamphamvu, ndipo mapempho anachuluka, poti kumudzi amawerengera ndi mtengo wa osintha ndalama a pa Zobue, osati ndi mtengo wa lendi ku Matundo. Ndikudziwa anthu awiri atatu amene simu yawo anaisiya ife mwadala, n'kutsegula WhatsApp yatsopano pa +258, kupatsa nambala amayi awo okha ndi kuwalumbiritsa kuti asauze munthu. Sindiwaweruza kwambiri. Ndinaonapo munthu wamkulu akulandira malipiro Lachisanu, pofika Lolemba akubwereka ya chapa. Komabe ine sindingathe. Kwathu uthenga wa maliro sautumiza pa nambala yachinsinsi, ndipo amene amamva mochedwa sawaiwala msanga.

Pali zabwino zake zimene sindingazisinthanitse. Magetsi akatha kwa achemwali usiku, ndalama zimene ndinatumiza kudzera kwa dalaivala wopita ku Blantyre zimakhala zili kale m'simu muja. Iwo amadina, manambala 20 a ESCOM amabwera, mwana amawalowetsa mu mita, ine ndikumva pa foni akufuula kuti ayaka. Ejenti wa M-Pesa kapena e-Mola kuno sadziwa za Mpamba kapena Airtel Money, ndiye ndalama zathu zimaoloka malire momwe zinkaolokera kale, m'thumba la munthu wodalirika, kungoti tsopano zikafika mbali inayo zimalowa m'foni.

Mayi a nyumba imene ndimachita lendi anakulira ku Luwani, m'kampu ya othawa nkhondo, ndipo Chichewa chawo n'cha pasukulu ya ku Malawi, chosiyana ndi Chinyungwe chimene amalankhula ndi ana awo. Tsiku lina ndikubwera kuntchito ndinapeza pakhomo loyandikana nalo pali chinamtindi cha anthu. Mkulu wa pamenepo anali atamwalira m'mawa, ndipo mudzi wonse unadziwa kudzera pa gulu la WhatsApp la dera lathu. Ine sindinalimo. Amene ankasonkhanitsa mayina anali ndi nambala yanga ya +258, anaiyesa, anapeza kuti ilibe WhatsApp, n'kupitirira. Mayiwo anandiitanira pambali.

"Mwananga, mwakhala nafe nthawi yaitali, koma maliro a pakhomo pano mukuwamva mochedwa kuposa a ku Ntcheu. Mukadzadwala usiku, a ku Ntcheuwo ndiwo adzakunyamuleni?"

Ananena mosakalipa, akupeta mpunga. Funso lawolo n'loona, ndipo silikhudza ine ndekha. Nambala ya kumudzi imanamiza mbali zonse ziwiri. A kumudzi akaona +265 amaona ngati sunachoke, uli ku Blantyre chabe, ukhoza kufika mawa. Iwenso umadzinamiza kuti kuno ukungodutsa, chaka chamawa ubwerera, motero Chipwitikizi chako chimathera pa "bom dia" ndi kuwerenga ndalama, Chinyungwe umangochimva chifukwa chikufanana ndi chathu, osafuna kuchilankhula. Agogo anga ku Salisbury analibe chowagwira chotere. Anaphunzira Chishona, analowa m'bungwe la maliro la anthu a ku Nyasaland, chifukwa kumene anali n'kumene anali. Ife madzulo onse timathera m'magulu a kwathu, kukangana za Bullets ndi Wanderers, oyandikana nawo nyumba osawadziwa mayina. Kuyambira 2023 WhatsApp inayamba kulola maakaunti awiri pa foni imodzi, ndiye ya kuno nayo ndinaitsegulira yake. Gulu la dera lathu amalemba Chipwitikizi chosakaniza ndi Chinyungwe, za madzi, za akuba, za misonkho ya maliro, ndipo ndimo ndaphunziramo mawu ambiri kuposa kuofesi.

Chimene chimandinyansa n'chakuti zonsezi zikuchitika pakati pa mayiko awiri olowerana chonchi. Kuchoka pano kufika pa Zobue ndi makilomita ongopitirira pang'ono 100. Pa Lizulu, msewu wa M1 ndiwo malire: kabichi ugula ku Malawi, mbatatesi uwoloka msewu ukagule ku Mozambique, ndipo wogulitsa onse awiri akulankhula chinenero chimodzi. Anthu a ku Angonia okhala m'mphepetemo ambiri ali ndi simu za mayiko onse awiri, amasankha imene yagwira bwino tsikulo. Malasha a ku Moatize, kuyambira nthawi ya Vale mpaka ya Vulcan imene inagula mgodiwo mu 2022, amadutsa m'dziko lathu pa njanji kupita ku Nacala. Matanki a mafuta ochokera ku Beira amaoloka pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, kulowera kwathu usana ndi usiku. Nthambo za magetsi azikoka kuchokera ku Matambo kuno kukafika ku Phombeya ku Balaka. Koma mphindi imodzi ya mawu a mayi kwa mwana wake imawerengedwabe pa mtengo wa kunja. Chifukwa china n'chakuti palibe kampani ya mafoni imene ili mbali zonse ziwiri. Airtel ili kwathu, ku Zambia ndi ku Tanzania, kuno kulibe. Vodacom ili kuno, ku Tanzania ndi ku South Africa, kwathu kulibe. Mu 2023 Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana analengeza za kuchotsa mitengo ya roaming pakati pawo. Tinawerenga mndandandawo kawiri kufuna dzina la Mozambique.

Ndiye tonse tinathawira pa intaneti, ndipo intaneti nayo ili ndi masiku ake. Namondwe Ana atawomba mu Januwale 2022, mtsinje wa Revubue unadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo madzi a mvula yomweyo anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire. Kuno tinali ndi nkhani yoti tinene, kwathu mafoni anali ozima. Chovuta koposa chinadza pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, Venâncio Mondlane atakana zotsatira ndi kuitanitsa zionetsero. Intaneti ya m'mafoni inkadulidwa, WhatsApp ndi Facebook osatseguka pokhapokha ukhale ndi VPN, ndipo anyamata a pamsika anapezerapo ganyu yoikira anthu VPN m'mafoni. Kwathu ankaona zithunzi za matayala oyaka pa TV, mizere ya mafuta ikutalika chifukwa mathiraki anaima, ndiye akatumiza uthenga kwa ife n'kuona kamzere kamodzi kokha, mitima inali m'mwamba. Masiku amenewo nambala ya kumudzi inali chete, ndipo inatipulumutsa ndi ya kuno, imene achibale ambiri analibe n'komwe. Tinabwerera ku kuimba kwachindunji, kwa mpweya umodzi: "Amayi, ndi ine, tili bwino, musadandaule, muwauze onse," n'kudula. Zitatha, ndinawapempha achemwali kuti ya +258 nayo ailembe pakhoma paja, pansi pa inzake.

Chaka chino nkhani ya simu yabweranso pabwalo, chifukwa achemwali akutsatira amuna awo ku Joni. Tinakambirana pa foni Lamlungu masana, banja lonse, ena ku Lilongwe, ena ku Ntcheu, ine kuno fani ikuzungulira. Mng'ono wanga wa ku Lilongwe anati aitenge iye, poti kumeneko magetsi ndi netiweki sizivuta. Achemwali anatsokomola, ndipo tonse tinamva tanthauzo la chifuwacho: mng'ono wangayo mafoni sakhalitsa nawo. Wina anati ndingobwera ndidzaitenge, ndiziyenda nayo ngati madalaivala. Ndinawakumbutsa za wowotcherera wa ku Mulanje uja. Apo amayi, amene anali chete nthawi yonseyi, analankhula.

"Isiyeni kwa ine. Ndasunga zikalata za munda wa bambo anu zaka zonsezi, ndilephere kasimu?"

"Amayi, nanga manambala aja mudzawaona? Ndi ang'onoang'ono."

"Mdzukulu wangayu akutsala ndi ine. Maso ndi ake, kusunga n'kwanga."

Tinagwirizana choncho. Kafoni kazikhala m'chitini momwe amayi amasungamo makadi a mpingo, mnyamata azikatchajitsa Loweruka kwa wometa uja, ndipo Lamlungu lililonse amayi aziimbirako mlamu wawo wa ku Tsangano, amene amakonda nkhani zitalizitali, mayunitsi ndizitumiza ine. Mnyamatayo ali Sitandade 8. Za chaka chamawa, akasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, tinati tidzakambirana ndikapita pa Khirisimasi.